Kuseri kwa Phiko

"Fungo la utoto wanuwu lalowa mpaka m'chambiko changa," anatero Raushan ataima pakhomo la shedi, manja ali m'chiuno. "Ndege yake iti, a Daulet? Mafupa awa?"

Daulet anayankha kuti mphepo si yake, imaomba kumene yafuna. Mayiyo anati ndiye aiuze ndegeyo iuluke izipita, nkhunda zatopa kuikiramo mazira.

Inali ndege yaing'ono ya mapiko ansalu, yomwe Daulet ankapopera nayo mankhwala m'minda ya tirigu akadali mnyamata. Mafamu atatha inatayidwa pa udzu mpaka nsalu inaola, nthiti zamatabwa n'kutsala poyera. Mkazi wake atamwalira, iye anaikokera mu shedi nayamba kuiveka nsalu yatsopano.

Chovuta chinali kusoka. Phiko amaliimika ngati khoma, ndipo nsalu amaisokerera ku nthiti iliyonse ndi singano yaitali yolowa kuno n'kutulukira kuseri. Ndi ntchito ya anthu awiri, wina kubaya, wina kulandira n'kubweza. Daulet ankabaya, kuzungulira phiko lonse, kukoka ulusi, kubaya, kuzunguliranso. Dzuwa linkalowa miyendo ili thapsa ngati wayenda ulendo, chonsecho sanatuluke, sanalankhule ndi munthu. Mudziwo unkatha. Mumsewu wawo utsi unkafuka pa madenga awiri okha, lake ndi la Raushan, mnansi wake wamasiye.

Tsopano nayenso Raushan ankachoka. Mwana wake ankabwera Loweruka kudzamutengera ku mzinda wa Karaganda. Daulet anazimvera kwa dalaivala wa galimoto ya buledi, ndipo chiyambire tsikulo ankatsekula chitini cha utoto pokhapokha mphepo ikaloza kwa mayiyo.

Raushan anayandikira phiko nakanda mfundo imodzi ndi chikhadabo. Anati kusoka kotereku ngakhale thumba la mbatata lingachite nako manyazi. Anakwinya mikono ya juzi, napita kuseri.

"Bayani tione, akatswiri."

Daulet anabaya. Singano inamira m'nsalu, kenaka inabwerera yokha, nsonga ili nyezinyezi, pamalo pake penipeni. Daulet mtima unamugunda ngati tsiku lomwe anayamba kunyamuka pansi ndi ndege. Mayiyo sankaoneka. Chinkaoneka ndi chithunzithunzi cha dzanja lake pa nsalu yowala ndi dzuwa, chikuyendayenda, chikudikira. Anamaliza nthiti imodzi, nayamba ina. Kuseriko Raushan ankang'ung'udza za ulusi, za fumbi, za amuna osadziwa kumanga mfundo. Daulet anayamba kuchedwa dala.

"Mwagona uko?"

Singano inali m'manja mwa Daulet, osabaya. Kulankhula ndi nsalu kunali kopepuka kusiyana ndi kulankhula ndi nkhope.

"Ndegeyi mwina sidzaulukanso, Raushan, ndipo sindidandaula. Koma Loweruka musapite. Ndikufuna ndikabaya, singanoyi izibwerera."