Vanishi wa M'kamwa mwa Prisca

Faness atatula mtolo wa nkhuni pakhonde, anapeza mwana wake Prisca ali pamiyendo pa alamu ake, a Eliza, misozi ili chuchuchu. Pambali panali kapu ya madzi, makala osinja ndi kamtengo kotafuna kunsonga.

"Mwabwera, alamu? Thokozani Mulungu kuti ndinadzera pano," anatero a Eliza akupukuta manja. "Mwanayu ndamupulumutsa."

Faness anayang'ana makalawo ndi kamtengoko. M'mawa womwewo anali atapita ndi Prisca kuchipatala chaching'ono kufupi ndi Namitete, komwe kunabwera madokotala a mano ochokera m'tauni. Mano a mwanayo anali atayamba timawanga toyera m'mphepete mwa usinini. Dokotala wina wachitsikana anati kumeneko ndiye kuyamba kwa kubooka, koma nthawi yokutchinga inalipo. Anaumitsa manowo ndi thonje, n'kuwapaka mankhwala achikasu ndi kaburashi.

"Ameneyu timati vanishi, mayi," anafotokoza dokotalayo. "Akakhudzana ndi malovu amamata ngati ulimbo. M'kati mwake muli fuloraidi wolimbitsa pamwamba pa dzino, koma amalowerera pang'onopang'ono ngati mvula yowaza. Mwana asatsuke m'kamwa mpaka mawa, asatafunenso zolimba."

Faness anamvetsera kuposa momwe amamverera ulaliki. Iye mano ake akutsogolo anawazulitsa akadali mtsikana, ndipo kuyambira pamenepo ankaseka atagwira pakamwa. Ngakhale kukwaya ya amayi a Chigwirizano ankaima kumbuyo, chikhalirecho mawu abwino anali nawo. Sankafuna kuti mwana wake adzakule akubisa chimwemwe ndi chikhatho.

"Alamu, ajatu anali mankhwala," anatero motsitsa mawu.

"Mankhwala ati? Mwana wanena yekha kuti vanishi! Ine wokhala ndi kalipentala zaka zonsezi, vanishi ndisamudziwe? Amuna anga a Elifasi akamapaka mipando ndi mabokosi a maliro, nkhuku zomwe zimathawa fungo. Ndiye m'kamwa mwa mwana, eti? Kodi mwana wa mlongo wanga wasanduka tebulo?"

"Si yemweyo ayi. Angofanana dzina."

"Aaa, inunso! Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukanandipeza ndangokhala n'kumayang'ana, bwenzi mukuti ndine woipa mtima."

Faness akanawakalipira bwanji a Eliza, anthu amene anagona pansi kuchipatala pomudikirira tsiku lomwe Prisca anabadwa? Anangotsegula kukamwa kwa mwanayo. Mano anali mbee, chikasu chonse chitachoka, usinini ukutuluka timagazi. Timawanga tija tinali pomwepo.

Kutacha anabwerera kuchipatala kuja, mwana ali kudzanja. Pamene dzulo panali mzere wautali panali mabenchi okhaokha.

"Madokotala aja anapita dzulo lomwelo," anatero namwino amene anamupeza. "Vanishiyo anabwera naye okha, ife kuno tilibe. Mwina adzabweranso pakatha miyezi ingapo, galimoto ikapezeka."

"Nanga kanthawi komwe anakhala m'kamwa kaja, palibe mankhwala amene analowa m'mano?"

Namwinoyo anayang'ana manowo, kenaka anayang'ana kumbali. "Pang'ono analowa. Muzimutsuka ndi mankhwala otsukira mano, shuga muchepetse. China choti ndikuuzeni palibe, mayi."

Faness anathokoza, pakuti china choti achite panalibenso. Mtima unkamuwawa kwambiri chifukwa panalibe woti amukwiyire.

Pobwerera anakumana ndi bambo wina atanyamula nkhumba panjinga. Nkhumbayo inaphiriphitha, njinga n'kulowa m'munda wa mtedza, mwini wake miyendo m'mwamba. Prisca anafa nako kuseka, koma msangamsanga anaika kadzanja pakamwa.

"Iwe, chotsa dzanjalo. Ukubisa chiyani?"

"Ndikuseka ngati inu, amayi."

Faness anaima pakati pa njira. Anachotsa kadzanjako pakamwa pa mwanayo, n'kukagwira zolimba. Sanakataye mpaka anafika kunyumba.