Zilembo Zonenepa za Luiza

Pa pulazi ina ya fodya ku Tengwe, m'zaka za Chitaganya, komboni yonse inkadziwa kuti Jasten ali ndi dzanja. Ntchito yake kwa mzungu inali yoika manambala pa mabelo a fodya opita ku Salisbury, koma akagwira bulashi ngakhale munthu wosapita kusukulu ankaima n'kumayang'ana. Mkazi wake Esinati, amene ankaphika mabanzi mu uvuni wokumba m'chulu n'kumagulitsa pakhomo, ankalinyadira dzanja limeneli mpaka chaka chimene linakagwira ntchito kwa Luiza.

Luizayu anali wa ku Tete, wamasiye, ndipo malemu mwamuna wake anamusiyira makina osokera. Anapempha Jasten kuti amulembere chikwangwani, kuti odutsa pamsewu wa ku Karoi azidziwa kuti pakomboni pali telala. Esinati sanaonepo choipa. Ndipotu anali iye mwini amene anauza mwamuna wake kuti amuthandize mayiyo, poti wamasiye alibe womulankhulira. Ndi pakamwa pake pomwe, tangoganizani.

Iye ankayesa ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma Jasten anayamba ndi kupala thabwa mpaka linasalala ngati mbale. Kenako anatulutsa chitini cha mabisiketi chimene dona, mkazi wa mzungu, anataya kudzala, chakalekale, chokhala ndi zilembo zija anthu anasiya kulemba nkhondo isanayambe. Zinali zilembo zonenepa, zamimbamimba, miyendo yake yopindika kunsonga, chilichonse chili ndi mthunzi wake kumbuyo. Anati za Luiza zikhala zoterozo, chifukwa zilembo zoonda za masiku ano munthu wa panjinga amazidutsa osaziona.

Lamlungu lina, atangochokera kutchalitchi, anapita kwa Luiza ndi pensulo. Lamlungu lotsatira anapita ndi penti yofiira. Linalo anati akukaika mthunzi. Mthunzi! Kuyambira liti mthunzi umafuna munthu woupangira? Pofika mwezi wachiwiri Esinati anasiya kufunsa, ankangovindikira sadza, nsima ya kumeneko, la mwamuna wake n'kulisiya lizizire.

Chikwangwani chitapachikidwa, eee, chinali chinthu. Zilembo zisanu zofiira pathabwa lachikasu, ndipo kunsi kwake sizasi yotsegula kukamwa. Madalaivala a malole ankachepetsa liwiro. Akazi a m'mapulazi oyandikana anayamba kubwera ndi nsalu zawo kumutu. Emelia, mnansi wa Esinati, mayi amene mawu sankagona m'kamwa mwake, anabwera kudzagula mabanzi n'kunena kuti iye sadziwa kuwerenga, koma zilembo zijazo munthu sangazinenepetse choncho ndi dzanja lokha. Anatero akusankha banzi lalikulu, n'kumapita.

Esinati mtima unamuwawa, ndipo tisabise, inali nsanje yeniyeni. Anang'amba dala mkono wa diresi la mwana wake Annet kuti apeze chopitira kwa Luiza. Atafika anaima pansi pa chikwangwanicho nthawi yaitali. Kuwerenga sankadziwa, koma kukanda ufa ankadziwa, ndipo ankatha kuzindikira chinthu chimene munthu wachigwira mobwerezabwereza osatopa nacho. M'mphepete mwa chilembo chilichonse munali kamzere koyera, kowonda ngati ulusi, kosagwedera ngakhale pamodzi.

Luiza anamulandira bwino, n'zimene zinaipitsa zinthu. Akanakhala wamwano bwenzi zili bwino. Anamupatsa mpando, nasoka diresi lija nthawi yomweyo, uku akuyamikira Jasten m'Chinyanja chake cha ku Tete. Anati sanaonepo mwamuna wofatsa chotero, woti chilembo chimodzi amakhala nacho mpaka dzuwa kupendeka. Anati amaimba chapansipansi akamapenta. Anatinso tiyi amamukonda wa masamba ambiri, ndipo amaiwala kumwa mpaka kumutenthetseranso.

Zaka khumi ndi chimodzi ali pabanja, Esinati anali asanamvepo Jasten akuimba.

Madzulo ake, mwamunayo atangofika kuchokera kushedi ya fodya, anamuuza kuti nayenso akufuna chikwangwani. Jasten anaseka, nati mabanzi ake amadziitanira okha ndi fungo, komboni yonse imadziwa khomo lake.

"Bambo a Annet, sindikufunsa za fungo," anatero Esinati. "Ndikufuna dzina langa pathabwa, lolembedwa ndi inu. Likule kuposa la uja."

Jasten anamuyang'ana pang'ono, kenako anati chabwino, Lamlungu.

Sabata imeneyo Esinati anali munthu wina. Anapeza chitseko chakale cha balani yowotchera fodya, chachikulu kawiri kuposa thabwa la Luiza, nachikwecha ndi mchenga mpaka zala zinasupuka. Anazira khonde. Anakatenga masamba a tiyi kusitolo ya pulazi, nawabisa kuti ana asawaone. Dzina lake anthu anamuuza kuti lili ndi zilembo zisanu ndi ziwiri, kuposa la Luiza, ndipo mumtima ankangosekerera. Ngati zisanu zinadya miyezi iwiri, zake zidzafika mpaka nthawi yobzala fodya. Ankadziona atakhala pamphasa, mwamuna wake ali pambali ndi bulashi, iye n'kumamutenthetsera tiyi kachiwiri, anthu odutsa n'kumaona. Makamaka Emelia aone.

Lamlungu atachokera kutchalitchi anakoleza moto n'kuteleka madzi. Jasten anavula jekete, nalowera kushedi, n'kubwerako ndi thumba lolira ngwelengwele. Munali timalata tija ta mzungu todindira mabelo, kalikonse koboola chilembo chimodzi pakati. Anatindandalika pachitseko chija, naviika chisanza mu inki yakuda, n'kumangoti phwa, phwa, phwa. Sanakhale n'komwe pansi. Pamene madzi ankayamba kulira mumphika, iye anali akupukuta manja ndi udzu.

Anati dzinalo latha, ndipo lakula monga Esinati anafunira.

Kukula linakuladi. Zilembo zake zinali zazitali, zakuda bii, zowongoka, chilichonse chodukaduka pamene lata linagwirana. Palibe munthu wa papulazi amene sakanazizindikira. Ndi zomwe zija zinkakhala pa mabelo, pa matumba a feteleza ndi pa chitseko cha chimbudzi cha kushedi. Jasten anafotokoza mokondwa kuti izi n'zomveka bwino, zimawerengeka kutali, ndipo n'zomwe azungu akugwiritsa ntchito masiku ano. Anakhomera chikwangwanicho pamwamba pa khomo, namwa tiyi wake ataimirira, n'kupita kukaonera mpira.

Anthu anabwera kudzaona. Amuna odziwa kuwerenga anatchula dzinalo mokweza, nati palibe cholakwika. Emelia anayang'ana, nati n'chachikulu ndithu, ndipo kwa nthawi yoyamba pamoyo wake sanawonjezere kanthu. Chifundo chakecho chinamupweteka Esinati kuposa miseche yonse. Mabanzi anagulidwa ngati kale, mwinanso kuposa, koma iye polowa m'nyumba ankaweramitsa mutu ngati khomo lafupika.

Anadzilimbitsa mtima. Anati mwina mwamuna wake watopa, mwina penti yofiira inatha, mwina munthu sachita manyado ndi wa m'nyumba mwake. Chachikulu n'chakuti ntchito ya kwa Luiza inatha, ndipo Lamlungu Jasten azikhala pakhomo, kaya akuimba kaya sakuimba.

Mvula yoyamba inagwa Lachisanu, yamphepo. Lamlungu atabwera kutchalitchi, Esinati anaona mwamuna wake akutsuka mabulashi ndi parafini kuseri kwa nyumba. Anaganiza kuti mwina waona yekha, mwina akufuna kukonza. Anafika pafupi mwakachetechete, n'kuona kachitini ka penti yofiira kali kale m'thumba la jekete.

Jasten sanadikire kufunsidwa. Anati mvula ija yamenya thabwa la Luiza, kamzere koyera kayamba kusuluka, ndipo penti yotere imafuna kuiyendera kawirikawiri, apo ayi imawonongeka.

"Nanga changachi?" anafunsa Esinati. "Mvula siinachimenye?"

Jasten anakweza maso kuyang'ana pamwamba pa khomo, ndipo anayankha mokoma mtima, ngati munthu wonena nkhani yabwino.

"Musade nkhawa, amake Annet. Inki ya mabelo siichoka. Chanucho sichidzafunanso kuti ndichigwire."