Phewa la a Cataldo

Amuna anga, a Cataldo, ngakhale mwendo utathyoka angakuuzeni kuti ali bwino. Khalidwe limeneli linatsala pang'ono kutimanitsa chipukuta misozi.

Anawabaya katemera wa chimfine pa 10 Novembala. Nesi analasa m'mwamba kwambiri, singano n'kukafika m'mfundo ya phewa. Iwo kuchipatala anapita patatha miyezi itatu, mkono wakumanzere ukukanika ngakhale kulowa m'jekete. Ntchito yawo yodulira mitengo ya azitona inathera pomwepo.

Loya wathu, mayi Lorusso, sanabise mawu. "Madokotala a boma afuna umboni woti ululu unayamba masiku awiri asanathe. Apo ayi, iwalani."

"Umboni ulipo, uli m'foni mwangamu," ndinatero.

"Addolorata, usayerekeze!" anakalipa a Cataldo.

Nkhani yake ndi iyi. Mawa lake atabayidwa linali tsiku la Martino Woyera. Kwa zaka makumi atatu, Akhristu akamazungulira tauni pa tsikuli, a Cataldo ankanyamula nawo chifanizo chake paphewa lakumanzere, kutsogolo, malo omwe anawasiyira bambo awo. Tsikulo tisanafike n'komwe pamsika anakodola mkamwini wathu Oronzo n'kumupatsa malowo. Tauni yonse anaiuza kuti ndi mphatso, anthu n'kuwaombera m'manja. Ine, amene ndinawavula malaya kunyumba iwo misozi ili chuchuchu, ndinatseka pakamwa, koma zinkandiwawa.

Tsiku lokaonana ndi madokotala anatiperekeza Oronzo, n'kukhala kumbuyo kwathu. Foni ndinaiika patebulo osapempha munthu, n'kutsegula kanema amene ndinajambula tsiku la Martino Woyera lija. Zonse zinaoneka: chifanizo chikupendekeka, nkhope ya amuna anga itakwinyika, dzanja lamanja litagwira phewa.

"Bambo," anafunsa dokotala wamkulu, "apa munapereka malo mwa kufuna kwanu, kapena phewa linakana?"

Ndinkadziwa kuti tapambana, bola mwamuna wouma mutuyu anene zoona pamaso pa mkamwini wake. Ndinawaponda phazi.

"Linakana," anatero a Cataldo chapansipansi. "Likanakhala bwino, mnyamatayu akanadikira maliro anga."

Dokotala analemba, natiuza kuti pempho lathu laloledwa.

Panja a Cataldo ankayang'ana pansi. "Oronzo, ndinakunamiza. Sinali mphatso. Chonde, kwathu asamve."

"Asamve ndani, bambo?" anaseka Oronzo, akuwaveka jekete pang'onopang'ono. "Tonse tinaona Woyera akupendekeka. Munamunyamula mpaka pafupi ndi msika ndi phewa limenelo. Inu mumayesa m'manja muja tinkaombera chiyani?"