Shuga m'Tiyi wa Mayi Soraya

Padoko la Luxor masitima apamadzi a alendo amakocheza mogundizana, moti wokwera sitima ya kumapeto amadutsa m'masitima ena onse. Ndi mmene Girgis, woperekera zakudya, anawaonera Mayi Soraya akudutsa m'sitima yake ngati njira chabe. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankakwera momwemo, iye n'kumawakonzera tiyi wa timbewu tonunkhira, wopanda shuga. Chaka chino mayiwo anali atasintha kampani.

"Mwatithawa, mayi?" anafunsa Girgis, akumwetulira mokakamiza.

"Andisankhira ndi ana, Girgis. Akuti uko kuli dziwe losambiramo."

"Kodi munayamba liti kusambira?"

Mayiwo anangoseka n'kupitirira.

Masana Girgis anaima pawindo. Windo la sitima inayo linali pafupi moti akanatha kuligogoda. Anaona Fathi, woperekera zakudya wa kumeneko, akuthira masipuni awiri a shuga m'kapu ya Mayi Soraya. Mtima wake unangoti myaa. Aziona tsopano, anatero chamumtima, akudikira kuti mayiwo achite tsinya.

Mayi Soraya anamwa mpaka kugugudiza, kenako anakweza kapu kuti awaonjezere.

Girgis anapitiriza kupukuta tambula yomwe inali itauma kalekale.