Nambala za ku Sikelo

Pamene kunkacha, Esnat anali atatunga kale madzi kawiri ku mjigo, atasesa pakhomo, atachapa matewera, ndiponso atamwetsa mwana wake Mtisunge phala n'kukamusiya kwa mayi okalamba a nyumba yachitatu mu malayini. Dengu lothyolera tiyi analisiya kuseri kwa chitseko. Mu Januwale, mvula ili pakati, tiyi akuphukira usiku umodzi wokha, munthu sasiya dengu. Iye analisiya.

Tsikulo komiti ya koleji ya ntchito zamanja, kufupi ndi Makwasa, inkakumana kuti ivomereze maphunziro atsopano. Mphunzitsi wamkulu, a Philip, anali atalengeza ku tchalitchi kuti akapezeka anthu makumi awiri olembetsa, adzatsegula kalasi ya magetsi a sola Loweruka masana, yosafuna satifiketi. Mawu otsirizawo ndi amene Esnat anamva. Sukulu analekeza Fomu 2 chifukwa cha mimba, ndipo bambo a mwanayo anapita ku Milanje kukagula nyemba chaka chatha, mpaka lero nyembazo akugulabe. Tochi ikafa, wayilesi ikasiya kuyankhula, Esnat ankazitsegula yekha, mawaya akusenda ndi mano. Ankafuna pepala loti anthu amukhulupirire kukwera pa denga lawo.

Masabata awiri anayenda pamzere wa ku sikelo yoyezera tiyi ndi tsamba la kope, akufunsa amayi anzake.

“Ndikulembeni?”

“Lemba, mwanawe. Mwina n'kudzapumako msanawu. 417.”

Ku sikelo munthu saitanidwa dzina. Kalaliki amafuula nambala, nambalayo ndiyo imalandira makilo, ndiyo imadwala, ndiyo imapita ku tchuthi. Chinthu chofunika pa esiteti chimalembedwa pa nambala. Esnat analemba nambala makumi awiri ndi zitatu, mwaukhondo, n'kukulunga pepalalo m'jumbo kuopa mvula. Woti amuperekeze sanapezeke. Aliyense anali ndi mzere wake wa tiyi.

Mu holo ya kolejiyo anapeza abambo asanu ndi mayi mmodzi atakhala pa tebulo, ndi mabenchi opanda anthu. Anakhala kumbuyo mpaka a Philip anamukodola.

“Mayi, mwabwera ndi mayina aja?”

Anagwada pang'ono n'kupereka pepalalo ndi manja awiri. Linayamba kufika kwa a Leonard, mwini golosale wa pamsika, amene anali wapampando. Analiyang'ana kutsogolo, kenako kumbuyo.

“Kodi achemwali, mwatibweretsera masamu kuti tiwonkhetse?”

Ena anaseka.

“Ndi anthu amenewo, bambo. Makumi awiri ndi atatu.”

“Anthu ake ati? Ine ndikuona 417, 388, 502. Kapena ndi maminibasi?”

A Philip sanaseke. Iwo anali a ku Kasungu, ku esiteti anali asanalowepo, koma anatenga fomu ndi cholembera. “Palibe vuto, mayi. Ku likulu amafuna mayina a pa chitupa. Ingotchulani, ndilemba ndine. 417 ndi ndani?”

“Amake Filipo.”

“Dzina lawo?”

“Amake Filipo.”

“Lawolawo, mayi. La ubatizo, ndi la bambo awo.”

 Mayiwo Esnat ankawadziwa. Amathyola ndi dzanja lamanzere mofulumira kuposa lamanja, amamanga m'chiuno ndi nsalu ziwiri chifukwa cha msana, sadya chinangwa chowawa. Zaka ziwiri akuyenda mizere yoyandikana. Dzina ayi.

“388?”

“Timangoti a ku Thekerani.”

“502?”

“Amake mapasa.”

Anatsika pepala lonse chala chili pa nambala. Mayina athunthu anapeza anayi, lake lomwe. Anayesa kuimbira awiri amene anali ndi foni, koma mafoni analira okha m'nyumba zotseka. M'munda foni imanyowa.

“Ndipatseni mpaka mawa, bambo. Ndikawafunsa ku sikelo.”

“Mafomu akunyamuka lero masana ndi galimoto ya ku boma,” anatero a Philip, maso ali pa tebulo. “Ndikanadziwa ndikanafotokoza bwino ku tchalitchi kuja.”

Komiti inavomereza zosoka ndi zomangamanga, Lolemba mpaka Lachisanu m'mawa, kwa amene ali ndi satifiketi. Za sola analemba kuti zidzaonedwanso chaka chamawa, anthu akadzapezeka. Mayi wa mu komiti uja anabwezera Esnat pepala lake, nati, “Musatope, mwana wanga.”

Pobwerera anadutsa njira ya m'munda. Kutali, pa phiri, anzake ankaoneka ngati timadontho, madengu kumsana, ataweramira tiyi. Palibe anadzutsa mutu.

Madzulo amake Filipo anaima pa mpanda. “Zayenda?”

“Dzina lanu ndani, mayi?”

Mayiwo anaseka, kuyang'ana uku ndi uku ngati afunsidwa zamanyazi. “Iwe, wayamba upolisi? Ndine Enid. Enid Makwinja. Amene anandiitana choncho komaliza ndi malemu mayi anga.”

Esnat analemba dzinalo pambali pa 417.

Zonse zinamudyera izi: tsiku limodzi la ntchito, limene kapitawo analemba kuti wajomba; mzere wake wabwino wa m'mphepete mwa msewu, umene anaupereka kwa wina; masiku awiri okapalira chimanga cha mayi amene anamusungira mwana; lamba wa patapata amene anaduka pa chitunda. Ndiponso chaka chimodzi.