Ndime ya Luiza

Ntchito za Eneless Lolemba limenelo zinali izi: kutunga madzi pa mjigo, kuphikira mwana wake Talandira phala, kuchapa matewera, kumanga mitolo ya nthambi za mpesa zimene odulira ataya m'mizere, ndiyeno kupala ndime yake ya fayagadi kuseri kwa komboni. Pa famu ya mphesa ija, kufupi ndi Macheke, banja lililonse linali ndi ndime yake, mapazi makumi awiri, yoti ipalidwe mpaka dothi kuti moto wa kutchire ukafika usowe chodya. Yake anaipala mbee. Yoyandikana nayo udzu unali wofika m'chiuno, ndipo inali ya Luiza.

Awiriwa ankakhala desiki imodzi kusukulu. Eneless analekera Fomu Thu atatenga mimba. Luiza anamaliza, foromani n'kumupatsa sizasi yodulira mpesa ndi nyumba ya malata. Tsopano Luiza ankadula, Eneless n'kumatola zogwa, nyumba yake ikadali ya udzu.

Luiza anamupeza atatsamira khasu. Anali ndi chikwama m'manja, nsapato zoyera kuphazi.

"Mai Tala, shamwari, andituma ku kosi ku Marondera sabata yonse. Undipalireko ndime yangayi. Ndikubweretsera sopo."

"Sopo? Ndayamba kununkha kodi?"

"Iwe, usayambe."

"Pitani bwino, madamu. Manja a sizasi angachite matuza."

Luiza anaseka, n'kuthamangira kombi. Iye anamva ngati mnzake wavomera.

Eneless sankafuna zambiri. Lachisanu foromani amayendera fayagadi yonse. Akadzapeza udzuwo, adzatchula dzina la Luiza pamaso pa anthu, kamodzi kokha m'moyo, ndipo Eneless adzapala Loweruka mtima uli m'malo. Tsiku lililonse ankadutsa pamenepo atasenza mtolo, n'kukauunjika kuseri kwa nyumba yake. Mulu wa nkhuni wake unali waukulu kuposa wa aliyense m'komboni. Chimenecho chokha ndicho ankamuposa nacho Luiza.

"Amake Tala, nanga udzu uwo?" anafunsa mwamuna wake Lazalo, akuvula magambutsu.

"Uli ndi mwini wake. Ali ku kosi."

"Moto sufunsa mwini."

"Khasu ilo, bambo a Tala. Silinalembedwe dzina."

Lazalo anangoti mawa, ndipo mawa lake anatumidwa kukakonza pampu kudamu. Lachisanu foromani sanabwere. Thirakitala inamufera kumunda wa kutali.

Loweruka masana chitsulo cha pa komboni chinalira mosalekeza. Moto unachokera kumsewu, ena amati osaka mbewa, ndipo mphepo ya Seputembala inkauthamangitsa ngati mbuzi zolowa m'dimba. Anthu anaima pamzere ndi masaka onyowa ndi nthambi zaziwisi. Utafika pa fayagadi unagona, ndime ndi ndime, ukusowa pogwira. Pa ndime ya Luiza unalowa ngati wapeza chitseko chotsegula.

Eneless anauona ukulumphira mulu wake wa nkhuni. Nthambi zouma za mpesa sizichedwa. Anaponya saka, n'kulowa m'nyumba denga likuthetheka, natuluka ndi Talandira kumsana ndi khadi la kusikelo m'manja. Atacheuka, moto unali utalowa kale m'mizere ya mpesa, mawaya akugwa pamodzi ndi mitengo yake. Nyumba ya malata ya Luiza inangoda khoma limodzi.

Lolemba foromani anasonkhanitsa anthu pa phulusa paja. Luiza anali atangotsika kombi, nsapato zija zikuda.

"Ndime iyi ndi ya ndani?"

"Yanga."

"Unasiyira ndani?"

Luiza anayang'ana Eneless, kenako mwana anali kumsanayo. "Palibe. Ndinaiwala."

Dzina lake linatchulidwadi pamaso pa anthu, kasanu konse, ndipo sizasi anaipereka pomwepo. Eneless anadikira kuti mtima ukhale m'malo, koma sunakhale. Amayi a m'komboni anali atayamba kale kunong'onezana kuti koma Luiza uyu ngolimba mtima, sanalire n'komwe. Ngakhale pamlandu, Luiza ankaoneka bwino.

"Tenga mwana, tiye kwathu," Luiza anamuuza osamuyang'ana. "Sopo uja ndabweretsa."

Zimene zinapita ndi izi: nyumba zisanu ndi imodzi, mizere ya mpesa makumi atatu imene idzatenge zaka zitatu kuti iberekenso, ntchito yothyola mphesa ya amayi khumi ndi awiri, ndi khungu la manja a agogo Rashidi, amene analowa m'khola kukamasula mbuzi. Kwa Eneless kunapita bedi, matumba awiri a chimanga, nkhuku zinayi ndi nkhuni zonse. Masiku ano amagona pamphasa m'nyumba ya malata, ndipo matewera a Talandira amachapira sopo uja.