Dzina la Mlamu pa Lipoti

Ntchito inabwera ngati mwa masiku onse: imelo yochokera ku ofesi imene imamupatsa zomasulira, m'kati mwake muli fayilo yokiya, pasiwedi yotsegulira n'kubwera payokha pa foni. Mayi womasulirayo ankagwirira ntchito m'kachipinda kakuseri, kompyuta itafulatira chitseko kuti wolowa asaone zolembedwa. Ana ake ankamuseka kuti amayi amakiya ngakhale moni.

Linali lipoti la chipatala chakunja, masamba anayi. Anayamba ndi ndime yoyamba, akulemba pambali mawu ovuta: chotupa m'chiwindi, chafalikira kale. Kenaka maso anakwera pamwamba pa tsamba. Dzina linali la mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, tsiku lobadwa lomwelo.

Anatseka fayiloyo. Analembera abwana a ku ofesi kuti wodwalayo ndi m'bale wake, ntchitoyo apatse wina. Anafufuta fayilo ndi uthenga wa pasiwedi womwe.

Loweruka mchimwene wake anabwera kudzabwereka makwerero. Anadandaula kuti mkazi wake akuonda, chakudya amangochilawa, ndipo akamufunsa amati ndi zilonda za m'mimba.

"Achemwali, inu mumacheza naye. Sanakuuzeni kanthu?"

"Sanandiuze," anayankha. Zinali zoona.

M'mawa mwake anapita kwa mlamuyo, n'kumupeza akupinda zovala kuchipinda. Anamuthandiza. Za lipoti sanatchule. Anangoti ngati pali ulendo wa kuchipatala, iye mpata woperekeza ali nawo. Mlamuyo anamuyang'ana nthawi yaitali, chifukwa ntchito ya mnzakeyo ankaidziwa.

"Lipoti langa linafika kwa inu?"

"Linafika, ndinalibweza. Palibe wamva kwa ine, ndipo sadzamva."

Mlamuyo anakhala pabedi, malaya a mwamuna wake ali m'manja. Anati madokotala anamuuza kale pakamwa, chomwe chikumusowa ndi poyambira. Anapempha kuti Lachitatu, powauza bambo a m'nyumbamo, womasulirayo adzakhalepo.

Lachitatu womasulirayo anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko. Mlamu wake anafotokoza yekha mpaka kumapeto. Mwamunayo ataphimba nkhope ndi manja, womasulirayo anadzuka mwakachetechete n'kupita kukawatengera ana kusukulu.